Musanaboole Chigoba: Kumangirira Swichi, Soketi ndi Zogwirira pa Zipangizo za Magetsi

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zomwe zinkawunikira magetsi, pomwe zoposa theka zinkadalira tochi ndi nyali za mabatire. Kuno ku Salima tili ndi munda waukulu wa mapanelo a sola ku Nanjoka, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2021 ndipo umatulutsa mamegawati 60, koma magetsi amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse. Pakhomo pa msodzi ku Senga Bay, pa mlimi wa mpunga ku Lifuwu kapena pa mayi wogulitsa usipa ku Chipoka, chomwe chimayatsa babu usiku ndi kapanelo ka padenga, batire, kontirola ndi mawaya awiri. Pambali pake pamakhala wailesi, tochi ndi chaja ya foni.

Zipangizo zonsezi zimabwera m'zigoba za pulasitiki, ndipo sipapita nthawi eni ake asanafune kuwonjezerapo kanthu. Wina akufuna chogwirira pa wailesi kuti azipita nayo kudimba. Wina akufuna swichi yachiwiri, wina soketi yotchajira foni, wina kupachika kontirola pakhoma ana asamaifikire. Zonsezi n'zotheka ndi zida zochepa. Vuto ndi lakuti ambiri timatenga pulasitiki ngati thabwa: timabaya sikuluwu paliponse, n'kumanga mpaka dzanja litatopa. Chigoba chimang'aluka, mwina tsiku lomwelo, mwina pakatha miyezi, ndipo chikang'aluka fumbi, chinyezi ndi nyerere zimapeza khomo.

Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi. Chigoba anachipanga kuti chiteteze zamkati, osati kuti chisenze katundu. Chilichonse chomwe mukumangirirapo, kulemera kwake ndi kukokedwa kwake zigwere pa thabwa, pa chitsulo kapena pa malo otambalala, zisagwere pa kadontho kamodzi ka pulasitiki.

Mmene chigoba chilili

Kufakitale amasungunula pulasitiki n'kumupopera mwamphamvu m'chikombole cha chitsulo, monga dothi limalowera m'chikombole cha njerwa, ndipo akazizira amatuluka ali chigoba chathunthu. Kuti azizire msanga komanso kuti asawononge pulasitiki wambiri, makoma ake amakhala opyapyala, kawirikawiri mamilimita awiri kapena atatu basi. Mukatsegula wailesi n'kuyang'ana mkati mwa chigoba muona timizere totukuka tomwe timalimbitsa khomalo, muonanso timizati tokhala ndi bowo pakati, momwe mumalowa masikuluwu. Malo amenewa ndi omwe anawakonzera kulandira mphamvu. Kwina konseko ndi khungu chabe.

Pulasitiki ali ndi makhalidwe atatu omwe womanga ayenera kuwadziwa. Choyamba, akapanikizidwa kwa nthawi yaitali amathawa pang'onopang'ono pansi pa mutu wa sikuluwu, ndiye chomwe munamanga zolimba mwezi wa Meyi mupeza chikugwedera mu Okutobala. Mukamangitsanso, amathawanso, mpaka tsiku lina kung'aluka. Chachiwiri, akatentha amafufuma kangapo kuposa chitsulo, ndipo kukazizira amabwerera. Pansi pa denga la malata nthawi yotentha kuno kunyanja, kufufuma ndi kubwereraku kumachitika tsiku ndi tsiku. Chachitatu, dzuwa limamuuma. Chigoba chomwe chakhala padzuwa zaka zingapo, chomwe chasanduka chachikasu kapena chikutuluka ufa mukachipala ndi chikhadabo, chimathetheka msanga. Choterocho musachiboole. Chimangeni ndi malegeni.

Izi zisiyeni

Mita ya magetsi olipiriratu ndi ya ESCOM. Musaiboole, musaitsegule, musamatepo kanthu. Kuigwiragwira ndi mlandu, ndipo mkati mwake muli magetsi a 230 V omwe amapha. Ntchito iliyonse ya mawaya a magetsi a ESCOM m'nyumba ndi ya mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA.

Sola yogula pangongole, yolipira pang'onopang'ono pa foni, nayonso musaitsegule musanawerenge pangano lanu kapena kufunsa ejenti yemwe anakugulitsani. Kawirikawiri chigoba chikatsegulidwa kapena kubooledwa, lonjezo la kampani lokukonzerani kapena kukusinthirani limathera pomwepo. Sola yotere ipachikeni pogwiritsa ntchito mabowo omwe inabwera nawo.

Inveta ndi wailesi ya kanema zili ndi tizipangizo tosunga magetsi mkati, tomwe timatha kukumenyani ngakhale mutazimitsa n'kuzula pulagi. Ndipo chilichonse chokhala ndi batire la lithiamu, monga pawabanki, nyali ya sola ndi sipika ya Bluetooth, musachibaye batire lili momwemo. Batire la lithiamu likabooka limayaka moto wovuta kuzima, ndipo nyumba zathu zambiri n'zofolera ndi udzu.

Dziwani pulasitiki amene muli naye

Anthu ambiri amadandaula kuti guluu wa masiku ano ndi wabodza. Nthawi zina n'zoona, koma nthawi zambiri guluuyo alibe mlandu: anamupaka pa pulasitiki yemwe sagwira guluu.

Yang'anani mkati mwa chigoba. Opanga ambiri amadindamo zilembo zosonyeza mtundu wa pulasitiki. Mukaona ABS, kapena PC+ABS, kapena PS, ndiye pulasitiki wouma uja wa mawailesi, marimoti, machaja ndi makontirola ambiri. Mukamugogoda ndi chala amalira kuti kho kho, ndipo ameneyu amagwira guluu. Mukaona PP kapena nambala 5 mkati mwa timivi titatu, kapena PE, HDPE kapena nambala 2, ndiye pulasitiki wa mabigiri, zigubu, makontena a chakudya ndi zigoba za mabatire a galimoto. Amaterera m'manja ngati wapakidwa kandulo, amapindika osathyoka, ndipo supa guluu ndi epokisi wamba zimangokanganuka pa iye.

Ngati palibe zilembo, palani kachidutswa kakang'ono mkati, pa kamzere kosaoneka, mukaponye m'kapu ya madzi n'kukamiza ndi chala kuti thovu lichoke. PP ndi PE nthawi zambiri amabwerera pamwamba, ABS amamira pang'onopang'ono. Njira ina ndi kudontheza kadontho ka mankhwala ochotsera kyutekisi, aja okhala ndi asetoni, mkati mwa chigoba. ABS amayamba kunata, PP sasintha. Kadontho kamodzi n'kokwanira, ndipo musadonthezere kunja, pakhala chipsera.

Yambani ndi njira yosaboola

Musanagwire chiboolera, dzifunseni ngati chinthucho sichingamangidwe. Malegeni odula ku chubu cha njinga ndi abwino kuposa mmene timawaonera. Amagwira chigoba mozungulira osachipweteka, amameza kugwedezeka kwa njinga ndi bwato, ndipo akatha mumangodula ena. Dzuwa limawadya, ndiye a panja muziwayang'ana mwezi ndi mwezi. Makebo tayi nawonso amathandiza. Gulani akuda, chifukwa oyera amathetheka msanga padzuwa. Pomanga, onetsetsani kuti simunatseke timabowo topumira. Kontirola, inveta ndi chaja zimatentha zikamagwira ntchito, ndipo timabowo timeneto ndi momwe kutentha kumatulukira.

Koma njira yomwe imapulumutsa zipangizo zambiri ndi thabwa. Pezani thabwa louma la masentimita ngati 30 mulifupi ndi 40 mulitali, mulikhomere pakhoma zolimba, pamalo osafika dzuwa ndi mvula yowomba, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Pa khoma la njerwa zootcha gwiritsani ntchito mapulagi a khoma ndi masikuluwu aatali. Pa khoma la zidina pulagi sigwira bwino, bola kulendewetsa thabwalo ndi waya kuchokera ku mtanda wa denga kapena kulikhomera pa mtengo. Tsopano kontirola, swichi, fyuzi ndi soketi zonse zikhale pa thabwapo, chilichonse pamalo pake. Mwana akakoka waya wa chaja, wakoka thabwa, sanakoke chigoba cha kontirola. Swichi yomwe mumafuna kuibaya pa chigoba, iikeni pa thabwa pambali pake, ndipo nkhani yoboola yatha.

Zipangizo zambiri zili ndi timakutu ta mabowo m'mbali, kapena kumbuyo kuli mabowo ooneka ngati polowera kiyi. Kuti musaphonye, ikani pepala kumbuyoko, mudinde ndi pensulo pomwe pali mabowo, pepalalo mulisamutsire pa thabwa. Masikuluwu a bowo la kiyi samangidwa mpaka kumapeto. Siyani mutu utatuluka pang'ono, mukoleke chipangizocho n'kuchitsitsa. Chikamagwedera, chotsani, mumangeko pang'ono, muyesenso.

Ngati kuboola sikungapeweke

Chotsani mabatire, zulani mawaya onse, tsegulani chigoba, ndipo ngati n'kotheka tulutsani bolodi yokhala ndi tizipangizo ta mkatimo muiike pambali pa nsalu youma. Jambulani ndi foni musanachotse kanthu, kuti pobwezera musasokoneze mawaya. Amene amaboola chigoba chili chotseka amangodziwa kuti wabaya bolodi wailesi itasiya kulankhula.

Sankhani malo athyathyathya. Bowo litalikirane ndi mphepete, ngodya ndi timizati mtunda wosachepera kukula kwa bowolo katatu. Pa chigoba pamaoneka nthawi zina kamzere kosamveka ku chala, pomwe pulasitiki wosungunuka anakumana kuchokera mbali ziwiri. Pamenepo mpofooka, palambalaleni. Kenako yesani mpata wa mkati: kodi swichiyo kapena mchira wa bawuti sukagunda bolodi, sipika kapena batire mukatseka? Matani kachidutswa ka sopo kapena phula pamalopo, mutseke chigoba, mutsegulenso. Ngati kaphwanyika, malowo sakwanira.

Matani tepi pamalo obooledwa n'kulemba kadontho, kuti nsonga isaterereke. Ikani kathabwa kunsi kuti khoma lisapindike. Yambani ndi bowo laling'ono, mulikulitse pang'onopang'ono. Dirilo ya magetsi muiyendetse mofatsa osakanikiza, chifukwa ikathamanga imasungunula pulasitiki, ndipo potulukira imakoka n'kung'amba. Kunena zoona, pa khoma la mamilimita awiri nsonga ya dirilo yozunguza ndi dzanja imakwanira.

Ambiri kuno timaboola ndi msomali kapena sipoko yootcha pa mbaula. Njirayi si yoipa, ndipo pa pulasitiki wokalamba pang'ono ndi yabwino kuposa kukhoma, chifukwa siyambitsa mng'alu. Chitsulocho chisachite kufiira, chingotentha moti n'kulowa mosavuta. Chitirani panja, mphepo ikuchotsa utsi kumaso kwanu. Bowo likazizira, dulani ndi mpeni kamlomo kotukuka kamene kamatsala m'mphepete, apo ayi washa sakhala bwino. Chomwe simuyenera kuchita ndi kukhoma msomali wozizira ndi hamala.

Bowo la makona anayi, la swichi kapena la soketi ya USB, limafuna kudekha. Jambulani kukula kwake pa tepi, muboole timabowo tambiri mondondozana mkati mwa mzere, mudule pakati pake ndi mpeni, kenako musalaze ndi tupa. Ngodya zake zikhale zobulungira pang'ono, popeza mng'alu umayambira pa ngodya yakuthwa. Muziyesa swichiyo pafupipafupi. Iyenera kulowa ndi kukankha kwa chala chachikulu, osati kwa hamala.

Bawuti, nati ndi mawasha

Pa chilichonse chonyamula kapena chokokedwa, monga chogwirira, lamba, chokolekera kapena phazi la mlongoti wa wailesi, musadalire sikuluwu yoluma m'khoma la chigoba. Khoma lopyapyala chotere limangogwira mano awiri a sikuluwu, ndipo mano awiri sanganyamule wailesi ndi mabatire ake. Gwiritsani ntchito bawuti yodutsa, nati ili mkati.

Mukapita ku hadiweya pa boma, ku Kamuzu Road, tengani chinthu chomwe mukufuna kumangirira, ndipo nenani momveka: "Achimwene, ndipatseni mabawuti a M4 a mutu wobulungira, manati ake, ndi mawasha otambalala." M3 ndi wa tinthu topepuka, M4 ndi wa chogwirira. Bowo likhale lokulirapo pang'ono, mamilimita 3.5 pa M3 ndi 4.5 pa M4, kuti pulasitiki akamafufuma ndi kutentha apeze mpata. Akakupatsani a mutu wosongoka kunsi, aja olowa m'thabwa mpaka mutu kubisika, akaneni. Mutu wotere umalowa m'bowo ngati nkhwangwa yowazira nkhuni ndipo umatsegula pulasitiki. Ngati alipo manati okhala ndi kamphete ka pulasitiki mkati, tengani amenewo, chifukwa samasuka ndi kugwedezeka ngakhale musanamangitse kwambiri.

Washa akhale mbali zonse ziwiri. Pa chogwirira, mkati muikemo kachitsulo kathyathyathya kapena kachidutswa ka pulayiwudi kolumikiza mabawuti onse awiri, kuti mukanyamula, kulemera kufalikire pa khoma lonse. Kachidutswa kodula ku paipi ya pulasitiki kapena ku bigiri yosweka kamagwiranso ntchitoyi. Ngati ndi kachitsulo, kakutireni tepi kuti kasakhudze bolodi. Pakati pa washa wa kunja ndi chigoba ikanipo kachidutswa ka chubu: kamatseka madzi, komanso kamasunga mphamvu ya kumanga pulasitiki akathawa.

Mangani ndi zala zitatu pa sikuludiraiva. Mukamva kuti mutu wakhala pansi, onjezerani pang'ono chabe n'kusiya. Mukaona pulasitiki akuyera kuzungulira washa, mwapyola, bwezani. Mchira wa bawuti ukatalika, uduleni musanabwezere bolodi, ndipo sesani tizitsulo tonse togwera mkati. Kamodzi kokha kakagwera pa bolodi kamatha kuotcha chipangizo.

Pali mankhwala ofiira kapena abuluu omwe amakaniko amadontheza pa mabawuti a injini kuti asamasuke. Pa ABS ndi PC musawayandikize, amang'alula pulasitiki ngati galasi. Petulo, parafini ndi tinala nazonso zimamufoola, ndiye musatsukire chigoba.

Masikuluwu omwe chigoba chinabwera nawo

Zigoba zambiri zimawonongeka potseka, osati potsegula. Sikuluwu ya m'kamzati inadula mano ake m'pulasitiki tsiku loyamba kufakitale. Mukaibwezera mosasamala imadula mano atsopano pamwamba pa akale, ndipo kachitatu kapena kachinayi mkati mumakhala mutasalala. Chitani chonchi: ikani sikuluwu pabowo, muizunguze chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yagwera kuti tswi. Pamenepo yapeza njira yake yakale. Tsopano mangani, ndipo ilowa mofewa.

Musasakanize masikuluwu. Ena ndi aatali, ena aafupi, ndipo yaitali ikalowa m'bowo la yaifupi imatulukira kumaso kwa wailesi kapena kubaya batire. Pochotsa, zibayeni pa katoni motsatira malo ake.

Masikuluwu amenewa angakuthandizeninso kumangirira popanda bowo latsopano. Kachingwe kokolekera kapena kachitsulo kopyapyala kangathe kulowa pansi pa mutu wa sikuluwu ya pangodya. Ngati kachitsuloko n'kokhuthala mamilimita awiri, pezani sikuluwu ya mano ofanana yotalikirapo mamilimita awiri omwewo, osapitirira.

Kamzati kakasalala mkati, lowetsanimo kachidutswa kopyapyala ka kebo tayi, kenako sikuluwu. Kakang'aluka, kakulungeni zolimba ndi kawaya kopyapyala ka kopa, mudonthezepo supa guluu, muyembekeze kaume. Mukafuna bowo latsopano la sikuluwu yoluma yokha, pamalo okhuthala, libooleni locheperako kuposa sikuluwuyo: ya mamilimita atatu imafuna bowo la 2.5.

Za guluu

Guluu ndi wa tinthu topepuka tosakokedwa: kanyali kosonyeza kuti magetsi alipo, kogwirira waya, kachidutswa kotseka mng'alu. Asanapakidwe guluu aliyense, malowo apalidwe ndi sandipepa mpaka kuwala kuchoke, apukutidwe ndi sipiriti, aume. M'nyumba za kunyanja zigoba zimakhala ndi mafuta a nsomba ndi utsi zomwe maso saona, ndipo guluu akagwira mafutawo ndiye kuti sanagwire kanthu.

Supa guluu amagwira ABS msanga, makamaka zidutswa zikamalumana bwino. Pakakhala mpata, thirani soda wophikira pang'ono, mudonthezepo guluu, ndipo ziuma nthawi yomweyo kukhala ngati mwala. Zimatentha pouma, ndiye chala chikhale kutali, ndipo musamudonthezere pa thonje kapena pa chitenje, amathanso kutentha mpaka kukuwaulani. Kufooka kwake n'kwakuti ndi wouma gwa: wailesi ikagwa amathetheka, ndipo chinyezi chimamufoola pakapita nthawi. Nthunzi yake imayeretsa galasi la foni ndi la kontirola, imawononganso swichi ikalowamo.

Epokisi, guluu uja wa machubu awiri osakaniza, monga wa Pratley wochokera ku South Africa, ndi wolimbirapo ndipo amadzaza mipata. Finyani mbali ziwirizo mofanana, musakanize mpaka mtundu ukhale umodzi. Papaketi pakalembedwa mphindi zochepa, imeneyo ndi nthawi yoti agwire, osati yoti anyamule. Musiyeni tsiku lathunthu. Fulumira adadya gaga.

Guluu wa kandulo, wosungunula ndi kamfuti, amafewa kukatentha. M'nyumba ya malata mu Novembala, kapena m'bwato padzuwa, zomwe munamata nazo muzipeza zitalendewera. Tepi yomata mbali zonse imagwira bwino pamalo osalala ndi oyera, koma pa khoma la laimu kapena la dothi imagwa ndi fumbi lake lomwe.

Silikoni ndi wotsekera madzi, si womangira. Mununkhizeni musanagule kapena musanapake. Wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi pouma, ndipo m'chigoba chotseka asidiyo amadya kopa wa mawaya ndi bolodi. Pa zamagetsi funsani wolembedwa kuti neutral.

Nanga PP ndi PE? Musataye ndalama pa guluu. Booleni mumange ndi bawuti, kapena muwotcherere. Kuwotcherera ndi kusungunula mbali ziwiri za mng'alu ndi kachitsulo kotentha, n'kuthirapo kachidutswa ka pulasitiki wa mtundu womwewo. PP amalumikizana ndi PP yekha. Kuti palimbe, pindani timawaya mokhotakhota, mutitenthe, mutimize mopingasa mng'aluwo.

Polowera waya

Waya aliyense wolowa m'chigoba tsiku lina adzakokedwa. Mangani mfundo mkati, kapena mumumange kebo tayi ndithu, kuti kukokako kuthere pa khoma kusanafike pomwe anawotcherera. M'bowomo muikemo kamphira kapena kachidutswa ka paipi yofewa, mphepete isamadye chikopa cha waya.

Bowo la waya likhale kunsi kwa chigoba, osati pamwamba. Waya wochokera pa panelo ya padenga ayambe watsika kupitirira chipangizocho, kenako akwere kukalowa. Madzi a mvula oyenda ndi waya adzadonthera pa chigongono chimenecho. Ngati pa chigoba panalembedwa IP65 kapena IP67, ndiye kuti anachipanga chosalowa fumbi ndiponso chopirira madzi, ndipo bowo lanu likuchotsa chitetezo chimenecho pokhapokha mutaikapo chotsekera cha mphira chomanga ndi nati, chomwe amisiri amachitcha galandi.

Mpata uliwonse wotsala tsekani. Mkati mwa chipangizo mumafunda, ndipo nyerere, mphemvu ndi ana a nalimata zimakonda momwemo. Nyali zimakokanso nkhungu zikatuluka panyanja, ndipo zikafera m'chigoba zimasunga chinyezi pa bolodi. Timabowo topumira tokha musatitseke. Ngati tizilombo tavuta, matanipo kachidutswa ka sefa ya pawindo.

Mukamawonjezera soketi yotchajira foni pa batire la 12 V, kumbukirani kuti foni imalandira 5 V. Pakati payenera kukhala chotsitsa magetsi, ndipo chaja ya m'galimoto imagwira ntchitoyi. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, pa waya wa pozitivi. Ngati apa mukukayika, wonanani ndi mmisiri wa zamagetsi yemwe anaphunzira ntchitoyi, musayesere pa foni ya mayi a kunyumba.

Bokosi la nyali zophera usipa

Asodzi ambiri a usipa anasiya nyali zopopa za parafini, tsopano amanyamuka ndi mababu a LED ndi batire. Apa ndi pomwe zonse zanenedwazi zimayesedwa, chifukwa bwato limagunda mafunde usiku wonse, madzi amawazikira, manja amakhala onyowa, ndipo mwera ukawomba pakati pa chaka palibe yemwe amakhala ndi nthawi yogwirizira waya womasuka mumdima.

Swichi, fyuzi ndi malo olumikizira mawaya zikhale m'kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro cholimba. Kontena yotere kawirikawiri ndi PP kapena PE, ndiye guluu aiwalike, zonse zikhale za bawuti, washa ndi mphira ya chubu. Madzi a nyanja yathu si amchere, komabe bawuti wamba imachita dzimbiri msanga, ndipo dzimbiri likatupa limang'amba bowo. Funani mabawuti osachita dzimbiri, aja odindidwa A2 pamutu, kapena a mkuwa. Swichi ikhale m'mbali kapena kunsi kwa kontena, isayang'ane kumwamba, ndipo pamwamba pake mulendewetse kachidutswa ka chubu ngati kakhonde. Kunsi kwenikweni boolani kabowo kamodzi kakang'ono kotulutsira madzi, popeza kontena yotentha masana n'kuzizira usiku imachita thukuta mkati ngakhale itatsekedwa bwanji.

Kontenayo musaikhomere pa bwato mwachindunji. Imangeni pa kathabwa ndi mabawuti anayi, kathabwako mukamange pa bwato ndi malegeni, kuti m'mawa muzimasula n'kupita nako kumtunda. Zotengera mababu nazonso zikhale pa mtengo kapena pa thabwa, mawaya ake atamangidwa ndi kebo tayi motalikirana chikhato chimodzi, kuti kugwedezeka kusathere pa khosi la babu.

Batire la asidi lisakhale m'kontena imodzi ndi swichi. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, ndipo kakuthetheka ka swichi m'malo otsekeka n'kokwanira kuliphulitsa. Likhale m'bigiri kapena m'bokosi lakelake lokhala ndi mabowo a mpweya cha kumtunda, litaima chilili, litamangidwa kuti lisagwe. Pa chigoba cha batire musabaye sikuluwu ngakhale imodzi, ngakhale ya chogwirira: kumbuyo kwa khomalo kuli asidi. Chogwirira chake chikhale chingwe chodutsa pansi pa batire. Pa mitu yake pakani Vaseline pang'ono mukatha kumanga mawaya.

Mukabwerako kunyanja, tsegulani chivundikiro, mukhuthule madzi ngati alimo, kontenayo iume pamthunzi. Gwedezani bawuti iliyonse ndi chala. Yomwe yamasuka, musangoimangitsa: imasuleni, muone ngati mphira yaphwanyika kapena bowo layamba mng'alu. Mphira isintheni. Mng'alu ukayamba, boolani kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire, ndipo bawutiyo muisamutsire pamalo ena.